Mtsinje wodzadza ndi dzuwa ku Svalbard

Mayi wina andilembera imelo, akuti mwana wawo wawapanikiza ndi funso: kodi kumpoto kwenikweni kwa dziko, komwe kuli ayezi yekhayekha, mitsinje iliko? Nanga madzi ake amachoka kuti?

Iliko mayi, ndipo ndikuuzani za umodzi womwe ine umandigwira mtima, Longyearelva. Uli pa chilumba cha Spitsbergen ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway, pa madigiri 78 kumpoto. Ndi kamtsinje kakafupi zedi, sikakwana ndi makilomita 10 omwe, kamayambira pa zimilu ziwiri za ayezi, Longyearbreen ndi Larsbreen, nkutsika chigwa cha Longyeardalen, kudutsa mkati mwa tauni ya Longyearbyen mpaka kukathira m'nyanja pa Adventfjorden.

Koma nkhani ili apa. Ife tinazolowera kuti mtsinje umadzadza mvula ikagwa, kumeneko ayi, mvula ndi sinowo zonse pamodzi ndi mamilimita cha m'ma 200 basi pa chaka, ndiye chomwe chimadzadza mtsinjewu ndi dzuwa. Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Ogasiti dzuwa sililowa nkomwe, sinowo nkuyamba kusungunuka, kenako ayezi wa m'mapiri uja, pofika Juni madzi ayamba kuyenda, ndipo tsiku lofunda amachuluka masana ndi madzulo kuposa m'mawa. Kuzizira kukangobwerera cha mu Seputembala kapena Okutobala mtsinje uja zii, wauma gwa, mpaka chaka chamawa.

Madzi akewo musaganize kuti ndi oyera mbee. Ndi amatope, chifukwa nthaka ya pansi ndi youndana chaka chonse, imasungunuka kapamwamba kokha mwina mita imodzi kapena kuposerako pang'ono, ndiye madzi alibe kolowera, amangothamanga pamwamba akukokolola miyala ndi mchenga, mitengo yogwira nthaka kulibenso. Mtsinje umagawikana timifuleni tambirimbiri tosinthasintha njira, mpaka akatapila amachita kukankha miyala kuti usagumule misewu ndi milatho.

Tauniyo inayamba ndi mgodi wa malasha mu 1906, dzina lake ndi la John Munro Longyear wa ku America, yemwe anayambitsa mgodiwo. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine nkutentha, mu Julayi 2020 kunafika madigiri 21.7, komwe nkutentha kwambiri kwa dera lozizira chonchi, ndipo zimilu za ayezi zomwe zimamwetsa kamtsinjeka zikunka zichepa.

Mwanayo mumuwonetse pa Google Maps, alembe Longyearbyen, aona kamzere kotuwa kakutsika pakati pa nyumba.