Zonyansa, zinyalala kapena zitsotso?

Funso: Ndimakonza mafoni ku Limbe, ndipo ndili ndi anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa ntchito. Ndikufuna kuwafotokozera chifukwa chimene batire lopangidwa ndi zotsala za mabatire akale lingathere moto msanga ngati zotsalazo sanaziyenge bwino. Kodi mawu a Chingerezi akuti impurities ndinene kuti "zonyansa"?

Yankho: Ayi bambo, zonyansa zisiyeni. Chonyansa ndi chomwe munthu ukachiona umalavula malovu. Zinyalala nazonso ayi, izo ndi zokataya kudzala. Pano tikunena za kopa ndi aluminiyamu, zinthu zomwe ogula zitsulo zakale ku Ndirande amapereka nazo ndalama.

Mabatire akale a lithium-ion, mtundu womwe umakhala m'mafoni, amawagaya mpaka patatsala ufa wakuda wokhala ndi lithium, cobalt, nickel ndi graphite. Pogayapo, tizidutswa ta kopa ndi aluminiyamu tochokera ku timapepala tachitsulo ta m'kati mwa batire timalowerera mu ufawo. Kopayo akapulumuka poyenga n'kulowa m'batire latsopano, amasungunuka ku mbali ya pozitivi (+) potchaja, kenako amakaundana ku mbali ya negativi (-) ngati timinga. Timingato tikaboola kansalu kopyapyala kolekanitsa mbali ziwirizo, shoti yachitika. Foni imatha moto ili m'thumba, batire limatentha, mwinanso kuyaka kumene. Mu 2006 kampani ya Dell inaitanitsa mabatire a laputopu oposa 4 miliyoni opangidwa ndi Sony chifukwa cha tizitsulo totere, chonsecho sanali opangidwa ndi zotsala za mabatire akale.

Ine ndinganene kuti "zitsotso". Taonani mayi akupeta mpunga palichero: kamwala kamene akutolako si konyansa, kangokhala pomwe sipake, ndipo kamodzi kokha kamathyola dzino. Liwuli limanena zonse ziwiri, kuchepa kwa chinthucho ndi kulakwika kwa malo ake. Pajatu aluminiyamu yemweyo pali mabatire ena omwe amamuthiramo dala, moyeza, kuti alimbe. Pamenepo sitinganenenso kuti ndi chitsotso.

Samalani ndi madzi okha. Nawo amaononga, chifukwa akakumana ndi mchere wa m'batire amapanga asidi wodya za m'kati, koma madzi sakhala chitsotso. Nenani kuti "mwalowa chinyezi".

Mneni wake ndi "kuyenga", monga timanenera za mafuta ndi shuga. Kusefa kumangochotsa zokhakhala, pomwe zitsotso zinazi n'zosaoneka ndi maso. Anyamatawo muwauze kuti: ufa sanauyenge bwino, munatsala zitsotso za kopa.