Kamakina ka pa chala sikokwanira kupima kubanika m'tulo

Amayi, mwati bambo a kunyumba amaliza mkonono, kenako amangoti zii osapuma mpaka kudzidzimuka ngati atsamwidwa, koma kamakina ka pa chala koyeza okosijeni m'magazi kakuonetsa 97 peresenti, ndiye mukufunsa ngati mtima ukhale pansi. Ayi, usakhale pansi, makamaka poti mwati amayendetsa galimoto mu Great East Road kupita ku Lusaka.

Vutoli, lomwe madokotala amati sleep apnea, limachitika m'tulo mokha, minofu ya kukhosi ikafooka n'kutseka njira ya mpweya. Masana munthu ali maso, kamakinako kaonetsa zabwinobwino ngakhale matendawo ali aakulu. Kamathandiza kakakhala ka mtundu wolemba usiku wonse, komabe kamaphonya, chifukwa ena amabanika n'kudzidzimuka okosijeni asanatsike. Chinanso chotikhudza ife: kafukufuku wa ku University of Michigan wa mu 2020 anapeza kuti pa khungu lakuda timakinati nthawi zina timaonetsa nambala yokwera kuposa okosijeni amene ali m'magazimo.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi polysomnography. Munthu amagona usiku kuchipatala atamumata timawaya toyeza ubongo, mtima, mpweya wa m'mphuno, kukwera ndi kutsika kwa chifuwa, ndi okosijeni. Amawerenga kuti pa ola limodzi la tulo kupuma kwaima kapena kuchepa kangati kwa masekondi 10 kapena kuposa. Kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 lapakati, 30 kupita m'tsogolo lalikulu. Ngakhale njira imeneyi imaona usiku umodzi wokha. Amene wamwa mowa kapena wagona chagada amabanika kwambiri kuposa tsiku lomwe wagona chammbali.

Makina opimira tulo ogona nawo kunyumba akapeza vuto lalikulu, akhulupirireni. Akati palibe, musafulumire kukondwa. Ambiri sayeza ubongo, choncho sadziwa ngati munthu anali m'tulo kapena amangotembenuka pabedi, ndipo nambala imatuluka yochepa. Mawotchi a Apple ndi Samsung analoledwa ku America mu 2024 kuchenjeza za vutoli, koma ndi chenjezo chabe. Wotchi ikakhala chete sizitanthauza kuti munthu ali bwino. Zojambula mkonono za pa foni ndiye ine sindizidalira n'komwe.

Chimene mungachite lero ndi mafunso 8 otchedwa STOP-BANG: mkonono waukulu, kutopa masana, kuonedwa akusiya kupuma, BP, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 50, khosi lalikulu lopitirira masentimita 40, ndi kukhala mwamuna. Mayankho a inde akafika 5, chiopsezo n'chachikulu. Mafunsowa saphonya odwala ambiri, koma amakokeramo ndi ena opanda vuto, n'chifukwa chake sangalowe m'malo mwa kupimidwa. Malinga ndi zomwe mwalemba, bambowo ali kale ndi 3.

Zimene mumaona inuyo usiku ndi umboni wamphamvu. Ajambuleni vidiyo pa foni akugona, pamveke pomwe mpweya ukuima, mupite nayo ku Chipata Central Hospital. Akawayeze BP ndi shuga, ndipo mufunse komwe angakapimidwe tulo. Ngati ayamba kale kusinza pa chiwongolero, auzeni adokotala zimenezo poyambirira, ndipo maulendo a usiku awasiye kaye mpaka atapimidwa.