Achemwali, funsani kaye za nyumba imene mwana adzagone

Achemwali, mwati aphunzitsi a mwana wanu wa Year 5 (kalasi ya ana a zaka 9 kapena 10) akumuona kuti ndi wamutu ndipo akuti muyese sukulu zapulayiveti zogonera konko za ku England ngati Eton kapena Harrow. Mukufuna kudziwa kuti anawo amakhala bwanji kumeneko, komanso ngati munthu wolandira malipiro a unesi angakwanitse. Ambiri akuyankhani za ndalama zokha. Ine ndinagwirapo ntchito yothandiza matron pasukulu ina yotere, ndiye ndiyambira kogona, chifukwa kumeneko n'kumene mwana amasangalala kapena kuvutika.

Sukulu zimenezi zimagawidwa m'nyumba. Ku Eton ziliko 25, ndipo anyamata onse amaposa 1,300. Nyumba iliyonse imakhala ndi ana pafupifupi 50, oyambira zaka 13 mpaka 18, ndipo amaiyang'anira ndi housemaster, mphunzitsi amene amakhala momwemo ndi banja lake. Pamakhalanso matron, mayi woona za zovala, mankhwala ndi misozi. Mwana akalowa nyumba sachokamo mpaka amalize zaka 5 zonse. Mpira amasewerera nyumba yake, mpikisano woimba amaimbira nyumba yake, akalakwa amakayankha kwa housemaster wake, ndipo inu kholo mukakhala ndi dandaulo munthu woyamba kumuimbira ndi yemweyo. Ahedi mwina mudzawaona patali pa tsiku lopereka mphotho basi. N'chifukwa chake anyamata awiri a sukulu imodzi amatha kukamba za moyo wawo ngati anaphunzira kosiyana. Wina anagwera kwa housemaster woyendera zipinda madzulo, wodziwa kuti uyu lero sanadye. Mnzakeyo anagwera kwa wongoŵerenga mitu n'kuzimitsa magetsi.

Tsiku lake ndi lothina. Amadzuka cha m'ma 7, kudya, kupita ku chapel kapena kumsonkhano, kenako makalasi mpaka nkhomaliro. Masana ndi masewera, kaya kugwe mvula: rugby, mpira, hockey, kupalasa mabwato, ndi cricket nyengo yotentha. Madzulo prep, ngati kwathu komwe. Loweruka m'mawa amalowanso m'kalasi, masana n'kukasewera ndi sukulu zina. Pakatipo pali zoimbaimba, zisudzo, mitsutso ndi zophunzira za usilikali zimene amati CCF. Mwana wokonda kudzitsekera yekha ndi buku amatopa nazo, ngakhale ku Eton aliyense amapatsidwa chipinda chakechake kuyambira tsiku loyamba, pamene sukulu zambiri ana aang'ono amagona angapo chipinda chimodzi. Foni nazo akuzipanikiza. Mu 2024 Eton inayamba kupatsa anyamata a chaka choyamba timafoni ta Nokia tongoimbira ndi kutumiza mameseji.

Za m'kalasi sindichulutsa. Mayeso ake ndi omwewo amene amalemba ana a sukulu za boma, GCSE kapena IGCSE pa zaka 16 ndi A-level pa zaka 18. Kusiyana n'kwakuti ana m'kalasi ndi ochepa, mphunzitsi amakhala pasukulu pompo moti mwana angamufunse ngakhale usiku, ndipo Chilatini ndi Chigiriki chikuphunzitsidwabe. Amene mukuidziwa Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, mwaona kale chithunzi chake, chifukwa a Ngwazi anatengera komweko.

Mbiri ndiye amainyadira kwambiri. Winchester inayamba mu 1382, Eton mu 1440 pansi pa mfumu Henry VI, Harrow mu 1572. Anyamata a ku Eton mpaka lero amapita m'kalasi atavala majekete akuda a mchira, a ku Harrow zipewa zaudzu. Nduna zazikulu 20 za Britain zinadutsa ku Eton, kuphatikizapo David Cameron ndi Boris Johnson. Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali yake yonyansa. Kale ana aang'ono ankakhala ngati antchito a akuluakulu, kuwapukutira nsapato ndi kuwapangira tiyi, ndipo chikoti chinaletsedwa m'sukulu zapulayiveti za ku England mu 1999, dzulodzuloli. Masiku ano zinthu zinasintha, bungwe la ISI limaziyendera, ndipo malipoti ake ali pa intaneti. Kawaŵerengeni, makamaka gawo la chitetezo cha ana.

Chimene malipoti sanena n'chakuti temu yoyamba ana amalira, ngakhale ana a mabwana. Amalirira pansi pa bulangete, m'mawa n'kunena kuti zonse zili bwino. Mwana wakuda amakhalanso ndi zake: wometa wosadziwa tsitsi lathu, anzake ofuna kuligwira, nthabwala zimene wonenayo amati ndi nthabwala chabe. Ana ochokera ku Nigeria, Ghana ndi Hong Kong alipo ndithu, sadzakhala yekha. Koma tchuthi chikatha, wina akamakamba za kutsetsereka pachipale ku Switzerland, wanuyo adzakhala chete. Ana ena zimenezi siziwakhudza n'komwe, ena zimawadya mkati mpaka amayamba kuchita manyazi ndi galimoto ya makolo awo. Mwana wanu mukumudziwa ndinu.

Tsopano ndalama. Chiyambire Januwale 2025 boma linaika msonkho wa VAT wa 20% pa fizi, ndipo chaka chomwecho sukulu zotchukazi zinafika cha m'ma £60,000 pachaka, Eton kupitirira pamenepo. Musasokoneze scholarship ndi bursary. Yoyambayo nthawi zambiri ndi ulemu chabe, amachotsako pang'ono. Bursary ndiyo imathandiza: amafufuza malipiro anu, nyumba, ndalama zosunga, ndipo amatha kuchotsa ngakhale fizi yonse. Mukafunse ngati ikuphatikizapo yunifolomu, maulendo ndi maphunziro a zoimba, chifukwa ngongole imabisala mmenemo. Mukafunsenso ngati mtundu wa viza yanu ukulola, popeza sukulu zimasiyana malamulo.

Nthawi ndiyo yakutherani kuposa ndalama. Mwana amalowa ali ndi zaka 13, mu Year 9, koma ku Eton kalembera amatsekedwa cha kumapeto kwa Year 5, ndipo mayeso oyamba a pakompyuta a bungwe la mayeso la ISEB amalembedwa kumayambiriro kwa Year 6, kenako kukaonana nawo pamaso. Palinso Year 7 ndi Year 8 zoti muganizire kuti adzakhala kuti, chifukwa anzake ambiri amakhala ali ku prep school, sukulu zapulayiveti za ana aang'ono, kumene akuwakonzekeretsa kale.

Ndikanakhala inu sindikanayang'ana maina awiri okhawo. Christ's Hospital ya ku Horsham inakhazikitsidwa mu 1552 kuti ithandize ana osauka, imalandira anyamata ndi atsikana kuyambira zaka 11, ndipo ana ambiri kumeneko ali pa bursary, choncho palibe amene amadabwa kuti mayi ako ndi nesi. Palinso sukulu za boma zogonera konko monga Wymondham College ku Norfolk, kumene mumalipira chogona ndi chakudya chokha.

Kumbukiraninso kuti sukuluzi zimatseka pafupipafupi. Kupatula tchuthi zazitali, pali half-term, tchuthi cha pakati pa temu, ndi mawikendi ena amene amati exeat, pamene nyumba imatsekedwa ndipo mwana ayenera kutengedwa. Muyerekeze ndi mashifiti anu.

Mukapita tsiku loonetsa sukulu, mutenge mwanayo. Mupemphe kulowa m'nyumba yogona, mucheze ndi housemaster ndi matron, ndipo mufunse kuti housemaster ameneyo watsala ndi zaka zingati pa udindo wake, chifukwa amasinthidwa. Mufunse kuti mwana akadwala usiku amagogoda pakhomo la ndani. Pobwerera, muleke mwanayo ayambe ndiye kulankhula.