Funsani Amalume: Tikufuna kuwoloka nyanja pa motorhome, ndipo galu sitimusiya

Amalume,
Ine ndi amuna anga timakhala ku England, ndipo chaka chino tagula motorhome, galimoto ija yokhala ndi bedi, pophikira ndi chimbudzi mkati momwemo. Tikufuna kupita nayo ku France kwa masabata atatu mu Ogasiti, mwina n'kutsetsereka mpaka ku Spain. Kunja sitinayendetseko galimoto. Tili ndi galu wathu Jeki, Labrador wa zaka 4, ndipo zomusiya ndi anthu ena sindikuzifuna n'komwe. Amuna anga angokhalira kuyang'ana mapu n'kumalemba mizinda yoti tikaone, koma ine mtima uli pa galuyu. Tiyambire pati?
Mayi wankhawa, England

Mayi, mtima wanu uli pamalo pake. Bambowo muwauze apinde kaye mapuwo. Ulendo wopita kunja ndi galu umatsata masiku a dokotala wa ziweto, ndipo mizinda imalowa m'mipata yotsalayo.

Tulutsani khadi la katemera la Jeki lero lomwe. Galu wochoka ku Britain kulowa m'mayiko a European Union (EU) ayenera kukhala ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kokhala ndi nambala ya galuyo, kamene amakalowetsa pansi pa chikopa. Jeki ayenera kuti ali nako kale, poti ku England lamulo lakhala likukakamiza zimenezi kuyambira mu 2016. Chimene ambiri alibe ndi katemera wa chiwewe. Ku Britain agalu sadwala chiwewe, choncho jakisoni wa chaka ndi chaka uja samakhala ndi katemerayu pokhapokha mwinigalu atapempha. Musangoti "Jeki amabayitsa chaka chilichonse." Werengani pakhadipo. Ngati palibe, akabayidwe, ndipo mudzadikire masiku 21 asanaloledwe kuwoloka. Onaninso kuti microchip inalowetsedwa katemera asanabayidwe, kapena zonse zinachitika tsiku limodzi. Katemera amene anabayidwa kachipangizoko kasanalowe, a pachipata samuwerengera.

Kenako pali chikalata chotchedwa Animal Health Certificate. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, mapasipoti a ziweto operekedwa ku Great Britain anasiya kugwira ntchito polowera ku EU, ndipo chikalatachi ndicho chinalowa m'malo. Si dokotala aliyense amene angachisayine, koma okhawo amene boma linawavomereza kugwira ntchitoyi. Chimayenera kulembedwa mkati mwa masiku 10 musanalowe ku France, ndipo ulendo uliwonse watsopano umafuna china chatsopano. Nyengo ya tchuthi madokotala otere amakhala ndi mzere wautali, ndiye lembetsani tsiku mukangogula tikiti. Muwauze dziko limene mudzayambe kuponda, chifukwa chikalatacho chimakhalanso m'chiyankhulo cha dzikolo. Musanatuluke muofesimo, khalani pansi mufananize nambala ya microchip papepalapo ndi imene ikuoneka pamakina, nambala imodziimodzi. Malamulowa amasinthasintha, choncho pakatsala mwezi umodzi kawerengeninso patsamba la boma la UK.

Tsopano gawo limene limagwetsa anthu ambiri ndi lobwerera. Onse amakonzekera kupita, za kubwera amaiwala. Kuti Jeki alowenso ku Britain ayenera kumwa mankhwala a njoka za m'mimba okhala ndi praziquantel, pamaso pa dokotala wa ziweto wa kumeneko, osati inu kumupatsa nokha m'galimoto. Nthawi yake ndi yoyezedwa: maola osachepera 24 ndiponso osapitirira 120 musanalowe ku Britain. Dokotalayo alembe pachikalatacho dzina la mankhwala, tsiku ndi ola lomwe, asayine ndi kudinda. Ola limenelo likasowa, mukhoza kubwezedwa padoko pomwepo galimoto ili kale pamzere. Zonsezi n'chifukwa cha kanyongolotsi kotchedwa Echinococcus multilocularis, kamene kamapezeka m'nkhandwe za m'madera ena a ku Europe. Kakalowa mwa munthu kamawononga chiwindi, ndipo ku Britain kulibe.

Ine ndimauza anthu kuti ayambe kulemba ulendo kuchokera kumapeto. Lembani tsiku lobwerera, bwererani m'mbuyo masiku awiri kapena atatu, ndipo muone kuti tsiku limenelo mudzakhala m'tauni iti. Imbirani dokotala wa m'tauni imeneyo mudakali kunyumba. Musasungire zonse ku Calais, doko la ku France lowolokerapo, tsiku lomaliza, pakuti mukamupatsa mankhwala m'mawa simungawoloke madzulo ake. Kumbukiraninso kuti Lamlungu zipatala zambiri za ziweto n'zotseka, ndipo pa 15 Ogasiti ku France ndi holide.

Za Spain mu Ogasiti, pepani Mayi, ine ndikukana. Kuchokera ku Calais kukafika m'malire a Spain ndi makilomita oposa 1,000, ndipo motorhome sithamanga ngati galimoto yaing'ono. Mudzathera masiku ambiri mumsewu, Jeki akuwefuka kumbuyo. Choopsa kwambiri ndi kutentha. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, amadziziziritsa ndi kupuma, ndipo galimoto yoimikidwa padzuwa imasanduka yoopsa m'mphindi zochepa ngakhale mawindo atatsegulidwa pang'ono. Ndiye kulikonse kumene Jeki sangalowe, kaya m'sitolo, m'tchalitchi chakale kapena m'nyumba yosungiramo zakale, mmodzi wa inu adzatsala panja naye. Bambowo amve bwino pamenepa asanawonjezere mizinda ina papepala lawo lija. Magombe ambiri a ku France saloleza agalu m'miyezi ya tchuthi, kapena amawaloleza m'mamawa ndi madzulo okha, choncho werengani zikwangwani. Mukadakhoza kusintha mwezi, Meyi, Juni kapena Seputembala ndi yabwino. Ngati ndi Ogasiti basi, khalani kumpoto, ku Normandy ndi ku Brittany. Masabata atatu kumeneko sakukwanani n'komwe.

Kum'mwera kulinso matenda amene galu wa ku England sanakumanepo nawo. M'mbali mwa nyanja ya Mediterranean muli tintchentche toluma madzulo timene timafalitsa leishmaniasis, nthenda yovuta kuchiza imene ikhoza kubisala miyezi kapena zaka isanaoneke. Nkhupakupa nazo zimapatsira babesiosis m'madera ambiri a France, kumpoto komwe. Funsani dokotala wanu za kolala kapena mankhwala oteteza masabata angapo musananyamuke, ndipo madzulo alionse mupapase Jeki m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Amene amapita kumayambiriro kwa chaka asamale ndi ziyabwe za m'mitengo ya paini, zimene zimayenda pansi mondondozana. Galu akazinunkhiza kapena kuzinyambita, lilime limatupa koopsa ndipo amafunika dokotala nthawi yomweyo.

Powoloka muli ndi njira ziwiri zazifupi. Sitima yapanjanji yodutsa pansi pa nyanja, LeShuttle, imatenga mphindi 35 kuchoka ku Folkestone kufika ku Calais, ndipo nonse mumakhala m'galimoto mwanu limodzi ndi galu. Gasi wophikira amafuna atsekedwe. Sitima yapamadzi yochoka ku Dover imatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo kawirikawiri galu amatsala yekha m'galimoto pansi, ngakhale zina zili ndi chipinda cha ziweto. Pa ulendo woyamba ine ndingasankhe yapansiyo, makamaka kukatentha. Mukasankha yapamadzi, makampani ena amafuna galu avale chotseka pakamwa akamayenda m'sitimamo. Chiguleni msanga azolowere, asakachione koyamba padoko pali phokoso.

Chakudya chake musanyamule thumba lonse. Malamulo a EU saloleza kulowetsa nyama ndi za mkaka kuchokera ku Britain, ndipo chakudya cha galu chokhala ndi nyama chili m'gulu lomwelo, kupatula chochepa, chosapitirira makilogalamu 2, cha galu wodwala amene sangadye china. Fufuzani mtundu umene umagulitsidwa mbali zonse ziwiri za nyanja, ndipo muyambe kumuzoloweza mudakali kwanu. Galu wotsegula m'mimba usiku m'kanyumba kopapatiza chonchija ndi chinthu chimene simungachiiwale msanga.

Za galimotoyo ndinena mwachidule, poti bambowo ayenera kuti awerenga kale zambiri. Amene anapeza laisensi ya ku UK kuyambira mu 1997 amaloledwa kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500. Motorhome zambiri zimayandikira kale malire amenewa zisanapakiridwe, ndiye mukathira madzi, gasi, njinga, inu awiri ndi Labrador, mukhoza kupitirira osadziwa. Ipakireni zonse mukaiyeze pasikelo ya magalimoto. Kumbuyo mumate sitika ya UK, osati ya GB yakale ija, imene inasiya kugwira ntchito mu Seputembala 2021. Tengani chikalata cha umwini wa galimoto, mapepala a inshuwalansi, kachikwangwani ka makona atatu kochenjezera pamsewu ndi majekete owala, ndipo magetsi akutsogolo muwakonze kuti asathobwe anzanu m'maso, chifukwa kumeneko amayendetsa kumanja. Mizinda monga Paris ndi Lyon imafuna sitika ya Crit'Air, yosonyeza kuchuluka kwa utsi umene galimoto imatulutsa, yoitanitsa pa intaneti nthawi ikadalipo. Kutalika kwa galimoto mulembe mumamita pakapepala, mumate pamene woyendetsa akuona. Kudzakuthandizani pamilatho yotsika ndi pazipata zolipiritsa, kumene galimoto yotalika kuposa mamita 2 imalipira zambiri. Masilinda ambiri a gasi a ku Britain sasinthitsidwa ku France, choncho nyamukani ali odzaza.

Pogona, France ndi dziko lokomera a motorhome. Matauni ambiri ali ndi malo otchedwa aires, oimikapo usiku, kutunga madzi ndi kutaya za m'chimbudzi. Koma ambiri ndi poyera popanda mthunzi, ndipo mu Ogasiti amadzaza dzuwa lisanapendeke. Masiku awiri oyamba lipiriranitu malo pakampu yeniyeni yolola agalu, ya mitengo ndi magetsi, kufupi ndi doko. Mudzakhala mutatopa, ndipo tsiku loyamba kuyendetsa kumanja si loyenera kumasakasaka pogona mdima utagwa.

Musanapite kutali konseko, kagoneni m'galimotomo usiku umodzi kapena uwiri kufupi ndi kwanu. Mudzaona pamene Jeki wasankha kugona, ngati amasanza m'makona, ndiponso ngati amauwa aliyense wodutsa, zimene pakampu zimadanitsa ndi anthu. Poyenda azimangidwa ndi lamba wa pachifuwa wolumikiza ku lamba wa mpando, kapena akhale m'khola lomangiriridwa bwino. Galu wolemera chonchi akamayendayenda m'galimoto, buleki yadzidzidzi imamuponya kutsogolo. Pakolala pake pakhale nambala yanu ya foni yoyamba ndi +44, ndipo funsani a inshuwalansi yake ngati amalipira akadwalira kunja.

Amalume,
Wanga ndi Rottweiler. Kodi zili chimodzimodzi?
Bambo wina

Bambo, mapepala a katemera ndi omwewo, koma inu muli ndi zina zowonjezera. France inagawa agalu ena m'magulu awiri. Gulu loyamba, monga agalu ooneka ngati pit bull opanda mapepala a mtundu wawo, saloledwa kulowa m'dzikomo ngakhale mongodutsa. Rottweiler ali m'gulu lachiwiri. Pagulu la anthu ayenera kukhala pachingwe chogwiridwa ndi munthu wamkulu, atavala chotseka pakamwa, ndipo eni ake amafunidwa zikalata zina zimene mlendo sazipeza mwachangu. Makampu ambiri amakananso agalu a magulu awiriwa. Lemberani ofesi ya kazembe wa France ku London musanagule tikiti, ndipo kampu iliyonse muifunse polemba, yankho lake mulisunge.