Musanaode timabolodi ta Arduino ndi micro:bit, funsani kaye pulogalamu

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya timabolodi tomwe ana asukulu amaphunzirira kupanga maroboti imayenda bwanji, komanso mtundu woti muode kuti mpamba usagone. Musayambire pa kabolodi ayi, yambirani pa kasitomala. Mphunzitsi kapena wophunzira akuuzeni dzina la pulogalamu yomwe azigwiritsa ntchito. Ambiri mwa oyamba kumene salemba code, amangokoka mabuloko pa sikirini n'kumawalumikiza, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi timabolodi take tomwe imagwirizana nato. Mukabweretsa kena, katunduyo akhala wanu.

Akakuuzani kuti MakeCode, ya Microsoft ija, tengani micro:bit. Onetsetsani kuti ndi V2, yomwe inatuluka mu 2020, chifukwa ili ndi sipika ndi maikolofoni zomwe V1 ilibe. Kumbuyo kwa kabolodi pamakhala palembedwa V2. Kameneka n'kosavuta kugulitsa ku pulayimale: kali kale ndi timagetsi 25 ndi mabatani awiri, ndipo mukakalumikiza ku laputopu kamaoneka ngati flash, mwana n'kungoponyamo fayilo yake. Kamayaka ndi mabatire awiri a AAA, choncho odani ndi tizikwama ta mabatire tomwe. Vuto lake ndi mtengo, n'kodula kuposa Arduino wamba.

Akati mBlock kapena PictoBlox, katundu wanu ndi Arduino Uno R3, ya chip cha ATmega328P, yoyendera 5V. Apa m'pomwe pali phindu, ndipo m'pomwenso pamachokera madandaulo ambiri. Ma Uno otchipa ochokera ku China amagwira bwinobwino, koma pafupi ndi polowera chingwe cha USB amakhala ndi kachip kolembedwa CH340. Laputopu yopanda driver yake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira kachipko, sikazindikira kabolodiko, ndiye kasitomala amabwera atakwiya kuti mwamugulitsa chakufa. Sungani driver ya CH340 ndi pulogalamu ya mBlock pa flash, muziwaikira pomwepo, popeza masukulu ambiri alibe intaneti yodalirika. Musatengeke ndi Uno R4 ya 2023 poganiza kuti chatsopano n'chabwino: chip chake n'china, ndipo musaiode musanaione pa mndandanda wa timabolodi m'pulogalamu ya kasitomalayo.

ESP32, kabolodi kena, amaifuna ofuna WiFi ndi Bluetooth, ndipo imagwira ndi pulogalamu ya MicroBlocks. Koma mapini ake, tizitsulo tolumikizirapo mawaya, ndi a 3.3V. Sensa yoyeza mtunda ya HC-SR04, yomwe imapezeka pafupifupi m'kiti iliyonse, imabweza 5V pa pini ya Echo, ndipo ikalumikizidwa molunjika imatha kuwononga kabolodi. Gulitsani limodzi ndi ma resistor awiri, wa 1k ndi wa 2k, otsitsira mphamvuyo. Ma ESP32 ena amakana kulandira pulogalamu mpaka mutadina batani la BOOT pamene ikulowa; auzeni zimenezi asanachoke pa shopu. Raspberry Pi Pico nayonso ndi ya 3.3V, ndipo yotchipayo imabwera mapini osawotcherera. Ngati mulibe chowotcherera, odani yolembedwa Pico H.

Ophunzira zauinjiniya, monga a ku MUBAS kapena MUST, amatchula Simulink kapena LabVIEW. Amenewa apatseni Arduino Mega 2560. Ili ndi 256 KB posungira pulogalamu pomwe Uno ili ndi 32 KB yokha, yomwe imadzadza msanga. Msika wawo ndi wa nyengo ya mapulojekiti, musaunjike.

Kabolodi pakokha phindu lake n'lochepa. Ndalama ili mu kiti. Kalasi ya ana 40 iwerengereni timabolodi 10, ana anayi pa kamodzi, kuonjezera tiwiri tapadera. Pa kalikonse ikani breadboard (kabolodi ka timabowo tobayamo mawaya) imodzi, mawaya a jumper 40, ma LED 10, ma resistor a 220 ohm, buzzer, servo (kamota) ya SG90 ndi sensa imodzi kapena ziwiri. Zingwe zisiyanitseni bwino: Uno R3 ndi Mega zimafuna chingwe chonga cha printer, micro:bit ndi Pico zimafuna micro USB, pomwe ESP32 ilipo ya micro USB ndi ya USB-C. Ndipo zingwe zambiri zotchipa za foni n'zongotchajira, mulibe mawaya a data. Kabolodi kamayaka ndithu, koma kompyuta siikaona.

Za njira, ambiri amapikula ku Johannesburg n'kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ena ku Dar es Salaam kudzera Songwe, ena amaoda ku China pa intaneti. Ku China n'kotchipa koma kumachedwa, choncho musalonjeze sukulu tsiku katundu asanafike m'manja. Katunduyu ndi wopepuka, mwakuti wa mamiliyoni amakwana m'chikwama cha kumsana. Musamuike pansi pa basi pamodzi ndi mabelo. Kalikonse kakhale m'kapepala kake kasiliva koteteza ku magetsi a static, mapini muwabaye pa siponji, zonse mu kontena ya pulasitiki yolimba, chifukwa pini yopindika imathyoka poiwongola.

Pa boda onetsani invoice yotchula dzina ndi chiwerengero cha chilichonse. Mawu akuti "electronics" okha amachititsa ofesala wa MRA kuika mtengo wakewake. Musadalire ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, chifukwa imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwelo, pomwe timabolodi timeneti timapangidwa kutali. Funsani agent mlingo wa msonkho musananyamuke, ndipo ngati mukubweretsa zambiri za WiFi ndi Bluetooth, funsaninso ku MACRA za chilolezo. Khalani ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, popeza masukulu ndi mabungwe amafuna quotation ndi invoice asanalipire, ndipo kawirikawiri amalipira mochedwa. Kwacha ikagwa pakati apo phindu lapita, ndiye lembani pa quotation kuti mtengowo ndi wa masiku 14 okha.

Mukafika, yesani kabolodi kalikonse: lowetsani pulogalamu yophethiritsa kagetsi, pa Uno ndi ka pini 13 kaja, n'kumata kasitika ka deti. Chitaninso chimodzimodzi kasitomala akuona, pa laputopu yake komanso ndi chingwe chomwe akutengacho.