Funsani Dokotala: Phewa ndi chigongono zikuwawa chiyambireni masewera a maringi

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 38 ndipo posachedwapa ndinayamba kulimbitsa thupi pa maringi, aja opachikika pa zingwe amene amagwiritsidwa ntchito pa masewera a gymnastics. Ndimadzikoka m'mwamba komanso kudzikankha, ndipo cholinga changa ndi kukwanitsa muscle-up, kumene kuli kudzikoka kuchokera pansi pa maringi kenako n'kudzikankha mpaka kufika pamwamba pake mikono itawongoka. Koma tsopano kutsogolo kwa phewa ndi m'kati mwa chigongono mukundiwawa. Kodi ndisiye, kapena ululuwu ukusonyeza kuti thupi likulimba?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Simukuyenera kusiyiratu, koma ululu umene mwaufotokozawo si chizindikiro chakuti thupi likulimba. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira munthu akachita masewera kumamveka pakati pa mnofu ndipo kumatha pakapita masiku ochepa, pamene ululu wokhazikika pamalo amodzi pafupi ndi polumikizana mafupa nthawi zambiri umachokera m'mitsempha yolimba ija yomangirira minofu ku mafupa.

Vuto lagona apa: mphamvu zimabwera msanga kuposa mmene mitsempha imeneyi imalimbira. M'masabata oyambirira munthu amaona kusintha kwakukulu chifukwa ubongo umaphunzira kulamulira bwino minofu, koma mitsemphayi, imene imalandira magazi ochepa, imafuna miyezi kuti izolowere katundu watsopano. Maringi amaulula kusiyana kumeneku kuposa chitsulo chokhazikika, pakuti amagwedezeka mbali zonse, ndipo timinofu tinayi tozungulira phewa, totchedwa rotator cuff, timagwira ntchito mosalekeza kuti mutu wa fupa la mkono usachoke pamalo pake. Mukatsika kwambiri podzikankha, mapewa n'kupendekera kutsogolo, mtsempha wa biceps (mnofu wa kutsogolo kwa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono) umene umadutsa kutsogolo kwa phewa umapanikizika. Za chigongono, ndikukayikira kagwiridwe kopinda dzanja pamwamba pa ringi kamene muscle-up imafuna, chifukwa minofu yopinda dzanja imayambira pa kafupa ka m'kati mwa chigongono, pomwe mukumva ululupo.

Langizo langa ndi lakuti muimitse kaye muscle-up ndi kudzikankha kozama kwa masabata angapo. Tsitsani maringi kuti mapazi azifika pansi, ndipo muzidzikoka thupi lili chopendekera, mapazi akunyamula gawo la kulemera kwanu. Phunziraninso kungoima pamwamba pa maringi mutadzichirikiza ndi manja, mikono itawongoka, mapewa atatsika kutali ndi makutu, kufikira mutatha kukhala choncho masekondi 20 kapena 30 osanjenjemera. Ambiri amaona ngati zimenezi n'zachibwana, komatu amene sangathe kuima chilili pa maringi alibe chifukwa chothamangira muscle-up, makamaka ija yodziponya ndi chiuno, imene imakufikitsa pamwamba phewa lisanakhale ndi mphamvu yokulandira. Muzitsika pang'onopang'ono nthawi zonse, ndipo pakati pa tsiku limodzi la maringi ndi linzake pazidutsa maola pafupifupi 48. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa akuluakulu kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndipo kwa inu masiku awiri kapena atatu ndi okwanira, kuphatikizapo masewera a miyendo, amene maringi sawafikira bwino.

Kaululu kochepa kamene kakutha pasanadutse tsiku limodzi mungathe kukapirira. Ululu ukamakula sabata ndi sabata, kapena ukamakudzutsani usiku mukagonera phewalo, kaonaneni ndi dokotala kapena a mafizo kuti akupimeni, ndipo musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti mupitirize masewera. Masewera owongola mikono thupi lonse litalendewera, monga iron cross ndi back lever, muwasiyire amene akhala pa maringi zaka zambiri, chifukwa angathe kudula mtsempha wa biceps pa chigongono. Mukamva kuthyoka kwadzidzidzi, mkono n'kufooka, kutupa kapena kusintha maonekedwe, pitani kuchipatala msanga, popeza opaleshoni yolumikiza mtsemphawo imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira.

Pali ngozi ina imene imagwera anthu odzikoka kambirimbiri mopikisana ndi nthawi. Minofu ikawonongeka kwambiri imatulutsira m'magazi zinthu zimene zimavulaza impso, matenda otchedwa rhabdomyolysis. Zizindikiro zake ndi ululu woopsa, kutupa kwa mikono mpaka kulephera kuiwongola, ndi mkodzo wakuda mofiirira. Zikaoneka, thamangirani kuchipatala, musadikire kuti kuche. Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, muuzeni dokotala wanu za masewerawa, ndipo muzipuma mpweya bwinobwino pamene mwaima pa maringi, chifukwa kugwira mpweya kwinaku mukulimbitsa thupi lonse kumakweza kwambiri kuthamanga kwa magazi.