Gasi ndi wabwino mayi, koma kope lanu lili kuti?

Funso: Ndimagulitsa nsima ndi chipisi pa Lunzu. Ndamva kuti bizinesi yosamala chilengedwe imakopa makasitomala, ndiye ndikufuna nditenge K400,000 ya katapila wa 30% pamwezi ndigule gasi ndisiye makala, ndisiyenso majumbo. Thumba la makala ndimagula K25,000, limatha mwina masiku anayi mwina sabata. Ndimathandizanso timu ya ntchemberembaye ya kuno. Phindu likwera?

Yankho: Mayi, mawu amene andiopsa m'kalata yanu ndi "mwina". Thumba likamatha masiku anayi ndiye matumba 7 kapena 8 pamwezi, pafupifupi K190,000. Likamatha sabata ndi matumba anayi, K100,000. Pakatipo pali K90,000 imene simukudziwa ngati ikupsa pa mbaula kapena ikutuluka pakhomo lakuseri ndi mtsikana wantchito, ndiye gasiyo mudzadziwa bwanji kuti wakupulumutsirani ndalama pomwe makala enieniwo simukuwadziwa mtengo wake?

Za katapila ndisachite kunena zambiri. 30% ya K400,000 ndi K120,000 mwezi uliwonse, ngongoleyo ili chikhalire. Palibe silinda imene ingabweze zimenezo, mudzangophikira mwini katapila basi.

Za majumbo palibe chosankha. Mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 analetsedwa mu 2015, khothi la Supreme linatsimikiza mu 2019. Makalanso lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo mitengo ikamatha thumba silingatsike mtengo. Ndiye njira mwaiona bwino, koma musanamizidwe kuti woyendetsa minibasi akatsika pa Lunzu adzafunsa kuti mwaphikira chiyani, iye akufuna nsima yotentha ndi ndiwo zambiri. Kusamala chilengedwe pa bizinesi ngati yanu kumalipira pochepetsa zowonongeka. Nyikani nyemba usiku, vundikirani mapoto, gulani mbaula ya dongo mkati, makala otsala muzizimitsa m'malo mowasiya anyeke okha mpaka asanduke phulusa. Zonsezi sizifuna ngongole.

Timuyo ithandizeni ndithu, atsikanawo ndi makolo awo ndi amene amadya kwanu. Koma ikani malire, tinene K10,000 pamwezi, ndipo ilembedwe. Ndipo poti ndikudziwa zimene simunalembe, achimwene anu ndi alamu amene amabwera 12 koloko kudzadya ulele aja si kuthandiza dera kumeneko, mbale zawo ziwerengedwenso, mudzadabwa.

Gulani kope la pulayimale, tsiku lotsegula thumba mulembe, tsiku lotha mulembe, mbale zogulitsa patsiku mulembe, kwa masiku 30. Zikakwana bwerekani silinda kwa mnzanu muyese sabata imodzi muone kusiyana. Ngati gasi wapambana mudzagula ndi ndalama ya banki mkhonde kapena yosunga nokha pang'onopang'ono. Mundilemberenso manambala ali m'manja, "mwina" uja musabwere naye.